Bala la Exildah Ndinkatsuka Ndine

1

Dzina langa ndine Petronella, ngakhale padooko pano pa Feira aliyense amangoti amake Hillary. Ntchito yanga ndi nsomba. Ndimagula pende ndi mcheni kwa asodzi ochokera ku Zumbo, ndimazing'amba pamsana, kuzithira mchere m'madramu, kenako kuziyanika kuti amalonda opita ku Kasumbalesa adzatenge. Mukakumana nane panjira simufunika kundifunsa ntchito, mphuno imakuuzani yokha.

Nkhani iyi imandichititsa nseru kuposa matumbo a nsomba ogonera. Musafulumire kundimvera chisoni, yambani mwafika kumapeto.

Ndili ndi mng'ono wanga mmodzi yekha, Exildah. Ngati mumatsata zamasewera munamuonapo, ndi uja wopalasa boti m'timu ya dziko. Amene anamugwiritsa nkhafi koyamba ndine. Bambo anamwalira tili aang'ono n'kutisiyira bwato lodontha, ndiye ine ndinkakhala kumbuyo kuwongolera, iye kutsogolo kukoka madzi.

Pa tsiku la ufulu kuno kumakhala mpikisano wa mabwato, kuyambira pamene Luangwa amathira mu Zambezi mpaka padooko. Mu 2017 tinapambana ife awiri, tinasiya ngakhale amuna ena akutukwanizana pakati pa mtsinje. Pagombe panali mphunzitsi wa opalasa wochokera ku Kafue. Anatiitana tonse awiri. Anayang'ana mapewa a Exildah, n'kuyang'ana mimba yanga ya miyezi isanu, nkhani inathera pomwepo.

"Uyu nizamutenga," anatero mphunzitsiyo. "Imwe amai, Mulungu akuoneni bwino."

Amene anawerenga madzi tsiku limenelo ndinali ine. Koma ndinaomba m'manja limodzi ndi anthu onse, mano onse pamtunda.

2

Ku Kafue anamuika m'maboti aja aatali, opyapyala ngati bango, amene munthu amapalasa atafulatira komwe akupita. Titaona kanema wake pafoni tinaseka mpaka misozi. Koma ife tili pakuseka, mwana anakwera ndege. Anamuphatikiza ndi mtsikana wa ku Monze dzina lake Miyanda, awiri m'boti limodzi, ndipo mamendulo anayamba kufika pakhomo. Amayi anawapachika pakhoma pafupi ndi chithunzi cha Mtima Woyera. Achibale amene sitinkawadziwa n'komwe anamera ngati bowa, aliyense akuti anamuberekapo kumsana ali khanda.

Mu Seputembala 2022 phewa lake lamanja linang'ambika mkati akukonzekera mpikisano. Anamuchita opaleshoni ku Lusaka, ndipo anabwera pa basi mkono utakolekedwa m'khosi ndi nsalu. Pa siteshoni ndinali ndekha womulandira. Achibale aja anali atatanganidwa mwadzidzidzi.

Anabwera ndi pepala la ku chipatala. Bala linkayenera kutsukidwa m'mawa uliwonse ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, n'kumangidwa ndi bandeji yatsopano. Maso a amayi ali ndi ng'ala, ndiye ntchitoyo inagwera ine.

"Akochi ati nili na miyezi inai," anandiuza Exildah tsiku loyamba, ndikumumasula bandeji. "Mu Febuluwale asankha timu. Nikapola nibwelela m'boti na Miyanda. Nikalephela aikamo wina."

"Uzapola iwe. Si nilipo ine?"

"Asisi, popanda imwe sinidziwa sembe nachita bwanji."

Sindikubisirani, masiku oyambawo ndinkamva kukoma. Ndinkamusambitsa, kumuveka, kumuluka tsitsi. Munthu wokwera ndege sankatha kumanga chitenje popanda ine. Ndikachedwa padooko ndinkamupeza ali pakhonde akuyang'ana njira, monga ankachitira ali ndi zaka zisanu.

3

Sabata yachiwiri Miyanda anabwera kudzamuona. Anali mtsikana waulemu, anagwada popereka moni kwa amayi, m'mawa n'kusesa bwalo lonse asanauzidwe. Anabweretsa malalanje ndi kabotolo ka mafuta opaka m'khosi, poti nsalu ija inkamukhula Exildah. Anagona masiku awiri n'kubwerera.

Patatha masiku atatu bala linafiira n'kutupa. Tsiku lachisanu ndikumasula bandeji mafinya anachucha mpaka m'khwapa. Mukudziwa kutentha kwa Okutobala kuno kuchigwa. Fungo linadzaza nyumba, ntchentche zinasiya nsomba zanga pathandala n'kutsatira mng'ono wanga. Amayi ankadyera panja.

Tinapita naye ku chipatala cha Katondwe. Anesi anachapa balalo, anamubaya majakisoni, ndipo patatha masiku khumi linayamba kuuma. Anatibweza kunyumba n'kutiuza kuti tipitirize kutsuka. Ndinapitiriza. Milungu iwiri isanathe linaphulikanso, kuposa poyamba.

Apa m'pamene anatulukira amalume athu a Benedict, amene chibwerere cha Exildah anali asanapondepo pakhomo. Anakhala pampando wabwino, anadya nsomba yanga yaikulu, n'kunyambita zala asanayambe kuweruza.

"Alongosi," anauza amayi, "bala lopolela kuchipatala n'kuwolela kunyumba si bala la Mulungu ilo. Pali munthu. Nindani mlendo analowa muno?"

Amayi anakumbukira kabotolo ka mafuta kaja. Anakatenga ndi kamtengo ngati chinkhanira.

"Koma mwana uja angamuchitile chani mnzake?" anafunsa amayi, mtima usanatsimikize. "Si apalasa pamodzi?"

Ndikanatha kungokhala chete. Koma pakamwa panga panatseguka.

"Paja ninamvela ati chaka chino kunja kuzayenda munthu mmodzi chabe."

Palibe amene anandiuzapo zimenezo, ndinazipeka pomwepo. Amalume anamenya bondo, amayi anagwira pakamwa, ndipo dzuwa lisanalowe dooko lonse linali litadziwa kuti mtsikana wa ku Monze walodza Exildah.

Mu Disembala Miyanda anabweranso, wosadziwa kanthu. Anatsika basi masana dzuwa lili paliwombo. Amayi anamutsekereza pachipata, anamugenda ndi kabotolo kake n'kumulavulira kumapazi. Anzanga a padooko anasiya nsomba zawo kudzaonerera, ena akukuwa kuti mfiti, mfiti. Anthu omwe aja amene sanabweretseko ngakhale nthochi imodzi kwa wodwala, tsiku limenelo anali ndi nthawi yambiri. M'nyumba Exildah ankafuula ndi mawu ofooka kuti amusiye, koma ndani akanamumva?

Chikwama cha Miyanda ndinachitaya pafumbi ndi manja angawa. Iye anawerama n'kutola zovala zake chimodzichimodzi, misozi ili chuchuchu.

"Amai," anatero, "ine na mwana wanu tili m'boti imozi. Akagwa, nagwa naine."

Anabwerera wapansi ku siteshoni, osamwako ngakhale madzi.

4

Chaka chatsopano chisanafike mkono unatupa mpaka m'chigongono. Exildah ankanjenjemera masana dzuwa likuswa mtengo. Tinathamangiranso ku Katondwe.

Ulendo uno dokotala anatenga mafinya kukapima. Atabwera ndi zotsatira anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi. Ine ndinali chiimire kumiyendo, nditanyamula beseni.

"Tizilombo tili mu bala ili timapezeka kwa anthu osewenza na nsomba," anatero dokotalayo. "Mumathandizako kusenda nsomba kunyumba?"

"Awe adokota," anayankha Exildah. "Na dzanja limodzi? Padooko sininapondepo."

"Mumasamba kumtsinje?"

"Awe."

"Nanga atsuka bala nindani?"

"Ndine," ndinayankha msanga. "Nimasamba m'manja na sopo, adokota. Nimawilitsa manzi monga mwamene analembela."

Dokotala anagwedeza mutu n'kunena kuti mwina ndi m'zikhadabo, ndizivala magolovesi. Anawonjeza kuti tikanachedwa sabata ina, nkhani ikanakhala yodula mkono.

Exildah anangondiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumaso mpaka ku beseni lija. Dokotala atatuluka anatembenukira kukhoma.

"Yendani kunyumba asisi. Anesi azaniona."

"Iwe, nikusiye wekha?"

"Nati yendani."

5

Anagona ku Katondwe milungu isanu ndi iwiri. Ndikapita ndi chakudya ndinkauzidwa kuti wagona. Amene ankamudikirira anali Miyanda. Anabwera ngakhale tinamuchita chipongwe chija, n'kumagona pamphasa pansi pa bedi la mnzake. Amayi atamva anadwala mutu masiku atatu, akuti mfiti yabwera kudzamalizitsa ntchito. Koma bala linapola, ndipo potuluka Exildah sanadzere kunyumba. Analunjika ku Kafue.

Febuluwale anadutsa, m'boti anaikamo wina. Matenda aja anali atadya mnofu wa phewa, ndiye anamuchitanso opaleshoni yachiwiri. Nkhani zake ndinkazimvera kwa amayi, poti foni yanga sankayankha. Ankati anayamba ndi kunyamula botolo la madzi, kenako njerwa, kenako nkhafi pamtunda popanda boti. Atalowa m'madzi koyamba pa mpikisano anamaliza kumapeto kwenikweni. Ulendo wachiwiri ululu unamugwira pakati pa njira, anachita kumukoka ndi boti la injini anthu akuonerera.

Padooko nkhani inali yomweyo. "Watha uja. Abwele chabe azisenda nsomba na mkulu wake." Ankanena akuseka, akutafuna chimanga. Ine ndinkayankha kuti Mulungu ndi wamkulu, koma ndikafika kunyumba chakudya chinkandikanika.

Miyanda ankapalasa ndi mnzake watsopano masana, koma m'mawa uliwonse ankayamba walowa m'madzi ndi Exildah. Anachita zimenezo chaka chonse. Mu Ogasiti 2024, posankhanso timu, awiriwa anapempha kuti ayesedwe limodzi. Anamaliza achiwiri ndipo anawatenga.

Achibale aja anameranso.

6

Mu Okutobala Exildah anabwera kunyumba koyamba chichokere. Anthu anadzaza siteshoni, amalume a Benedict ali patsogolo ndi tayi. Ine anandipatsa moni wa dzanja ngati mlendo.

M'mawa mwake anandipeza padooko ndikuthira mchere.

"Amake Hillary, tengani nkhafi. Nifuna muniyendetseko pamanzi."

Chibadwire anali asananditchulepo choncho. Ndinapukuta manja n'kukankha bwato. Iye anakhala kutsogolo atandifulatira, atavala malaya opanda manja. Chipsera chinali pamaso panga penipeni, chokumbika ngati pamene mvuu yaponda m'matope. Tinapalasa mpaka pamene madzi ofiira a Luangwa amakumana ndi a Zambezi. Pamenepo anaika nkhafi pamiyendo.

"Manzi yamene munali kunitsukila munali kuyatenga kuti?"

Ndinati ndiyankhe kuti pamoto, koma ndinamuuza zoona.

Awerengi, choonadi ndi ichi. Nsomba zikakhala m'dramu ndi mchere masiku angapo, zimatulutsa madzi ofiirira amene amatsikira pansi, osakanikirana ndi magazi ndi mamba. Madzi amenewo timataya kutchire chifukwa ngakhale agalu sawayandikira. Ine ndinkatunga kapu imodzi, kusefa pa kansalu, n'kusungunula ndi madzi ofunda kuti aoneke oyera. Amenewo ndiwo ndinkatsukira bala la mng'ono wanga.

Tsiku loyamba sichinali chiwembu. Linali tsiku lomwe Miyanda anabwerera kwawo. Galimoto ya ku Kasumbalesa inkapakira, moto unali usanakolezedwe, mchere wa m'nyumba unali utatha. Ndinati mchere ndi mchere, ngati umaletsa nsomba kuwola ungalephere bwanji pa munthu? Koma bala litatupa ndinadziwa chimene chachititsa. Ndinadziwa bwino lomwe. Titabwerako ku Katondwe ulendo woyamba, bala likuuma, Exildah akuyamba kukamba za Kafue ndi za ndege, ndinapita ku dramu lija ndi kapu m'manja. Ndinkadziuza kuti ndi kamodzi kokha, angochedwako pang'ono, Febuluwale adutse. Ndinabwererako m'mawa uliwonse.

Zonsezi ndinamuuza pakati pa mtsinje, ndikuyang'ana msana wake.

"Ninali kuimvela fungo," anatero Exildah osatembenuka. "Tsiku lililonse ninali kuimvela. Nakulila m'nyumba ya nsomba ine, ningaiwale?"

"Nanga unakhalilanji chete?"

"Ninaganiza ni manja yanu. Ninaopa kukuuzani kuti mununkha nsomba, mungati nayamba matama ya kutauni. Ninati asisi asiya nchito yao kuti anisamale, ine niyambe kuwanyansidwa? Ninali kugwila mpweya mpaka mutsilize kumanga."

Mwana ankapirira fungo la chinthu chimene chinkamupha poopa kundichititsa manyazi.

"Nikhululukile, Exildah."

"Izo ni za imwe na Mulungu. Ine nifuna chimodzi chabe. Mukauze amai, na amalume alipo. Miyanda anamulavulila pa mulandu wanu."

Anatenga nkhafi n'kuyamba kupalasa kubwerera kugombe. Ngakhale ndi phewa lotero, ndinkalephera kufanana naye.

7

Ndinawauza masana omwewo. Ndinagwada pabwalo pamaso pa amayi ndi amalume, ndinafotokoza za dramu, za kapu, za kansalu kosefera, ndi za bodza la munthu mmodzi wopita kunja. Ndinkayembekezera mbama. Kunena zoona ndinkaifuna.

Amayi anandigwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mayo mwana wanga! Mwaona alongosi mphamvu ya mtsikana uja? Analowa mpaka mu mtima wa Petronella!"

"Nimwamene achitila," anavomera amalume. "Asewenzetsa dzanja la m'bale kuti iwo asaonekele."

"Amai, palibe ananituma! Ninachita nekha, na nzelu zanga!"

"Chete iwe, si ndiwe ukamba. Mwana wobala ine sangachite zotele."

Anandipempherera, anandiwaza madzi odalitsa, ndipo madzulo anandiphera nkhuku kuti ndibwerere m'thupi. Exildah anaonerera zonsezo ali chiimire pakhomo. Analowa m'nyumba, anatenga chikwama chake n'kukwera basi ya m'mawa. Mpikisano wa tsiku la ufulu sanaudikire.

Mwezi wotsatira anapalasa kunja ndi Miyanda. Tinaonera pafoni ya mnansi, anthu ataunjikana pansi pa mtengo wa msawu. Anayamba ali achisanu, pakati anafika pachinayi, ndipo chakumapeto anadutsa boti lina ndi kamphuno chabe n'kutenga malo achitatu. Dooko lonse linaphulika. Amayi ankalulutira uku akutukwana mtsikana wokhala kumbuyo kwa mwana wawo. Polandira mendulo Miyanda anakweza manja onse awiri. Exildah anakweza lamanzere lokha. Lamanja limakoka nkhafi, koma silikweranso kupitirira phewa, ndipo madokotala akuti silidzakweranso.

Miyanda ndinamuimbira foni kuti ndipepese. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Namvela asisi," basi n'kudula. Sanandinyoze, ndipo zimenezo zimandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikukupemphani kuti mundimvetse. Nsanje yanga ndinkaitcha chikondi, ndinkaitcha kusamala wodwala, ndipo anthu ankandiyamika kutchalitchi kuti ndine mkulu wa chitsanzo. Ngati muli ndi m'bale amene anakupitirirani, dzifunseni chimene mumamva tsiku limene wagwa n'kuyamba kukudalirani. Mukapeza kuti penapake mukumva kukoma, mupatseni wina beseni.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa kwathu choonadi ndachinena ndi pakamwa koma chakanidwa. Mpaka lero Miyanda sangatsike basi pa Feira, ndipo amayi amamutchula dzina m'mapemphero awo kuti Mulungu amukanthe. Choncho ndikuuza inu, mukauzeko ena. Mtsikana uja alibe mlandu. Mfiti imene amayi akuisaka ku Monze ndi imene imawaphikira tsiku lililonse, ndipo amadya n'kunena kuti zikomo mwana wanga.